Ndemanga pa ntchito ya amisiri a makompyuta pa Kasungu amene adandikonzera kabokosi kosungira mafayilo

Usiku wina mu Okutobala chaka chatha ndidasiya laputopu yanga ikusamutsa mavidiyo a ukwati umene ndidajambula ku Santhe kupita m'kabokosi kosungira mafayilo kamene kamakhala pabalaza kunyumba kwanga, ndipo ndidagona mtima uli m'malo poganiza kuti kukacha ndipeza zonse zitalowa. Kutacha ndidapeza kuti pa magigabayiti 86 amene ndidali nawo mudangolowa 31 okha, ndipo pa sikirini padali mzere umodzi womwewo umene unkangobwerezedwa kuyambira cha m'ma 11 koloko usiku. Memori khadi imene mudali ukwatiwo ndinkafuna kuifufuta tsiku lomwelo, chifukwa Loweruka lotsatira ndidali ndi chinkhoswe ku Nkhamenya. Ndi m'mawa umenewo pamene ndidavomereza kuti vutoli landikulira, ndipo ndidapita kushopu ina yokonza makompyuta pa boma pano, imene ndikufuna kufotokoza ntchito yake mwatsatanetsatane, zabwino zake ndi zofooka zake zomwe.

Ntchito yanga ndi kujambula zithunzi ndi mavidiyo pa maukwati, zinkhoswe ndi miyambo ya kutchalitchi. Kuno ku Kasungu ntchitoyi imachuluka anthu akagulitsa fodya, soya ndi mtedza, ndipo kuyambira Juni mpaka mvula itayandikira palibe Loweruka limene ndimakhala pakhomo. Kwa zaka zingapo ndinkasunga zonse pa madisiki onyamula m'thumba, mpaka pamene imodzi idagwa kuchoka patebulo ikuzungulira, n'kupita ndi maukwati anayi amene eni ake adali asadatenge makope awo. Zitachitika zimenezo ndidagula kabokosi ka mtundu umene amati NAS, kamene kwenikweni ndi kakompyuta kakang'ono kopanda sikirini, kokhala ndi malo olowetsamo madisiki awiri, ndipo kamalumikizidwa ndi waya ku rauta kuti kompyuta iliyonse ya m'nyumbamo izitha kuikamo ndi kutengamo mafayilo. Makampani odziwika kwambiri popanga timabokosi totere ndi Synology ndi QNAP, onse a ku Taiwan, koma pali enanso. Mphwanga ndiye adandilumikizira pa tchuthi, n'kundilembera lamulo la mzere umodzi loti ndizingodina madzulo kuti backup, ndiye kuti kukopera mafayilo anga m'kabokosimo, ichitike, kenaka adabwerera kusukulu ku Lilongwe.

Madandaulo amene ndidapita nawo kushopuko adali atatu: kusamutsa mafayilo kunkachedwa kwambiri, masiku ena kabokosiko sikankaoneka n'komwe pa kompyuta, ndipo usiku ntchito inkaima pakati popanda kunena chifukwa. Ine m'maganizo mwanga ndinkaona kuti zonsezi ndi matenda amodzi, ndipo ndidali nditakanyamula kale kabokosiko m'katoni kuti akakatsegule.

Chinthu choyamba chimene chidandipatsa chikhulupiriro ndi chakuti amisiri amene ndidawapeza, mnyamata wa zaka za m'ma 30, adakana kukalandira. Adandiyankha kuti, "Bambo, bwererani nako mukakalumikize monga mmene kadaliri, ine ndibwera komweko. Kabokosi kotere kakabwera kuno kamagwira ntchito bwinobwino, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala panjira ya pakati pa iko ndi kompyuta yanu." Munthu wongofuna ndalama akadakalandira, n'kukasunga sabata imodzi, n'kundiuza kuti wasintha chinachake m'kati. Iwowa adasankha ntchito yovuta, yokwera njinga yamoto kubwera kunyumba kwanga ndi kachikwama ka zipangizo.

Atafika sadayambe n'kugwira chilichonse. Adandifunsa nthawi imene vuto lililonse limachitika, ngati kabokosiko kamasowa magetsi akangobwera kapena nthawi ina iliyonse, ngati laputopu ndimailumikiza ndi waya kapena ndi Wi-Fi, ndiponso ngati ntchito imaima pa fayilo imodzimodzi kapena pa mafayilo osiyanasiyana. Mafunso ena sindidathe kuwayankha, ndipo adandipempha kuti tiyesere pamodzi. Tidatenga vidiyo imodzi ya magigabayiti 10 n'kuisamutsa tikuyang'ana, ndipo liwiro lidakhazikika pa mamegabayiti 11 pa sekondi osakwera kapena kutsika. Adandiuza kuti nambala imeneyi payokha ikunena zambiri, chifukwa disiki yodwala liwiro lake limakwera n'kutsika, pamene liwiro loima nji pa 11 limasonyeza kuti netiweki ikuyenda pa mamegabiti 100 m'malo mwa 1,000, poti megabayiti imodzi ndi mamegabiti asanu ndi atatu. Netiweki ya gigabiti, ya mamegabiti 1,000 ija, ikakhala bwino imapereka mamegabayiti pafupifupi 110 pa sekondi, kutanthauza kuti ukwati wa magigabayiti 100 uyenera kulowa m'mphindi 15, pamene ine unkanditengera maola awiri ndi theka.

Zoyambitsa kuchedwako zidali ziwiri, ndipo adazipeza chimodzi ndi chimodzi. Choyamba chidali rauta yanga ya 4G, imene mabowo ake olumikizira waya amangotha mamegabiti 100, monga zimakhalira ndi marauta ambiri otsika mtengo amene cholinga chawo ndi kugawa intaneti basi. Adatulutsa m'chikwama kachipangizo kotchedwa switch ka gigabiti, ka mabowo asanu, n'kulumikizapo kabokosi, laputopu ndi rauta, kuti mafayilo azidutsa pa switch osakafikanso ku rauta. Ine ndidayembekezera kuti pamenepo zatha, koma titayesanso liwiro lidali lomwe lija la 11.

Apa ndi pamene ndidaona luso lawo pafupi. Sadakhumudwe, komanso sadayambe kusintha zinthu zambirimbiri nthawi imodzi. Adazula waya wopita ku kabokosi, n'kulowetsa nsonga zake ziwiri mu kachipangizo koyezera mawaya kamene kali ndi timagetsi tisanu ndi titatu mbali iyi ndi tisanu ndi titatu mbali inayo. Timagetsito tidayamba kuyaka motsatizana, 1, 2, 3, mpaka 6, kenaka ka 7 kadakhala chete, ka 8 n'kuyaka. Adandifotokozera kuti m'kati mwa waya wa netiweki muli timawaya tisanu ndi titatu topotana tiwiritiwiri, ndipo kuti liwiro la mamegabiti 100 limangofuna timawaya tinayi, pamene gigabiti imafuna tonse. Kamodzi kakaduka, zipangizo sizisiya kulankhulana, koma zimangotsika mwakachetechete kupita pa 100, mwini wake osadziwa kanthu. Tidatsatira wayayo ndi dzanja kuchokera pabalaza mpaka pamene amadutsa pansi pa chitseko cha chipinda chogwiriramo ntchito, ndipo pamenepo tidapeza ataphwatalala ngati lamba chifukwa cha kutsegula ndi kutseka kwa chitsekocho. Adadula waya watsopano wa Cat5e, n'kumangirira mitu yake ndi pulayala yake ine ndikuona, n'kumudutsitsa pamwamba pa felemu ya chitseko. Vidiyo yomwe ija idalowa pa liwiro la 108, ndipo isadathe mphindi ziwiri idali itafika.

Vuto lachiwiri, la kusowa kwa kabokosi, lidapezeka kuti limagwirizana ndi kuzima kwa magetsi, monga momwe mafunso awo oyamba aja ankalozera. Kompyuta inkandipatsa uthenga wonena kuti njira ya pa netiweki sidapezeke, pamodzi ndi nambala ya 0x80070035, ndipo ine ndinkangozimitsa zinthu zonse n'kuziyatsanso mpaka zitatheka. Amisiriwo adandionetsa kuti rauta imagawira chipangizo chilichonse adiresi yake ya manambala, ndipo yanga magetsi akazima n'kubwera inkagawa maadiresiwo mwatsopano motsatira amene wayamba kufika. Mafoni a ana ndi laputopu zinkalumikizika msanga, pamene kabokosiko kamatenga mphindi zingapo kuti kadzuke, motero adiresi imene mphwanga adalemba m'lamulo lija inkapezeka kuti yatengedwa ndi foni, ndipo kompyuta inkagogoda pakhomo pamene mwini wake adasamukapo. Adalowa m'makonzedwe a rauta n'kuiuza kuti adiresi imodzi izisungidwira kabokosiko nthawi zonse. Adapezanso kuti Windows pa laputopu yanga inkaona netiweki ya kunyumba ngati ya pagulu, zimene zimaichititsa kubisa zipangizo zina, ndipo adaisintha kuti iziiona ngati ya pakhomo. Ntchito yonseyi sidapitirire mphindi 20.

Pa mfundo imeneyi tidasemphana maganizo pang'ono, ndipo tsopano ndikuona kuti iwo ndi amene adali olondola. Ndili ndi kachipangizo kakale koonetsera mavidiyo pa TV kamene ndinkafuna kuti kaziwerenga molunjika kuchokera m'kabokosi, kuti makasitomala akabwera aziona ukwati wawo pabalaza. Kachipangizoko kamangodziwa SMB1, njira yakale yogawirana mafayilo, ndipo ndidawapempha kuti aitsegule. Adakana mwaulemu koma mosatekeseka, n'kundikumbutsa kuti kachilombo ka WannaCry kamene kadagwira makompyuta m'mayiko ambiri mu Meyi 2017, kuphatikizapo a m'zipatala za ku Britain, kadalowera pa chibowo cha SMB1, ndipo kuti kuyambira kumapeto kwa chaka chomwecho Microsoft idasiya kuika njirayi yotsegula pa Windows 10 yatsopano. Adati, "Mukafuna kuonetsa makasitomala, ikani vidiyoyo pa flashi. Sindingatsegule khomo limeneli pa bokosi limene muli ntchito yanu yonse." Tsiku limenelo zidandiwawa, chifukwa ndinkaona ngati munthu amene ndikumulipira akundikaniza chinthu changa chomwe, koma mmisiri amene amatha kukana pempho la kasitomala pofuna kumuteteza ndi wosowa, ndipo ndikuwayamikira.

Vuto lachitatu ndi limene lidavumbula nkhani yaikulu kuposa zonse. Lamulo limene mphwanga adandilembera linkagwiritsa ntchito Robocopy, pulogalamu yokopera mafayilo imene imabwera kale mu Windows. Amisiriwo ataliwerenga adaona kuti mulibe mawu ouza pulogalamuyi kuti iyese kangati ikakumana ndi fayilo yokanika. Ikapanda kuuzidwa, Robocopy imayesa kokwana 1,000,000, ndipo imadikira masekondi 30 pakati pa kuyesa kulikonse, zimene zikutanthauza kuti fayilo imodzi yokha ingathe kuimitsa ntchito yonse kwa masiku oposa 340. Fayilo imene inkandiimitsa idali ya pulogalamu yanga yokonzera zithunzi, imene ndinkaisiya yotsegula pokagona, ndipo fayilo imene pulogalamu ina yaigwira siikopeka. Mzere umene ndidaupeza ukubwerezedwa m'mawa uja udali wa kudikira masekondi 30 amenewo. Adaonjezera /R:2 ndi /W:5 kuti iziyesa kawiri kokha n'kupitirira, adaonjezeranso /LOG kuti izilemba lipoti la zimene zalowa ndi zimene zakanika, ndipo adaletsa laputopu kugona ikakhala pa magetsi. Adandilangizanso kufupikitsa mayina a mafoda anga, chifukwa ndidazolowera kulemba tsiku, mayina a akwati, mudzi ndi tchalitchi pa foda iliyonse, m'kati mwake n'kuikamo mafoda ena a mayina aatali chimodzimodzi, pamene mapulogalamu ambiri a pa Windows amalephera njira ya fayilo ikapitirira zilembo 260.

Akuwerenga lamulo lomwelo adaima pa mawu akuti /MIR, n'kundifunsa ngati ndimafufuta mafayilo pa laputopu ndikaona kuti alowa m'kabokosi. Ndidawayankha kuti inde, chifukwa disiki ya laputopu ndi yaing'ono, ndipo cholinga chogulira kabokosiko chidali chomwecho. Adakhala chete pang'ono, kenaka adandipempha kuti nditchule ntchito imodzi ya miyezi itatu yapitayo imene ndidaifufuta kale pa laputopu. Ndidatchula chinkhoswe chimene ndidajambula ku Chamama mu Julayi. Tidatsegula kabokosi, ndipo foda ya chinkhoswecho mudalibe. Tidafufuza ntchito zina za mu Juni ndi Julayi, ndipo zisanu mwa izo mudalibenso. Mawu akuti /MIR amauza Robocopy kuti mbali ziwirizo zifanane ndendende ngati munthu ndi chithunzi chake pa galasi, choncho chilichonse chimene ndinkafufuta pa laputopu, usiku wotsatira chinkafufutidwanso m'kabokosi. Chimene chidapulumutsa mafoda ena ndi vuto lomwe lija la kuima pakati, chifukwa masiku ambiri pulogalamuyo siinkafika kumapeto kwa mndandanda.

Sindingabise kuti manja anga adanjenjemera. Ntchito zinayi mwa zisanu ndi imodzi zimenezo eni ake adali atatenga kale makope awo pa flashi, ina ndidaipeza pa memori khadi imene ndidali ndisadaigwiritsenso ntchito, koma ya ku Chamama idapita, kuphatikizapo gawo la madzulo pamene ankhoswe a mbali ziwiri ankapatsana tambala ndi msoti, ndi pamene azimayi ankalangiza mtsikanayo. Ndidakwera basi kukauza banjalo pamaso, chifukwa nkhani yotere si ya pafoni, ndipo ndidawabwezera ndalama zawo zonse. Mphwanga sindimuimba mlandu, chifukwa adalemba lamulolo poganiza kuti ndizisunga mafayilo mbali zonse ziwiri, ndipo ine sindidamuuze mmene ndimagwirira ntchito. Chimene ndikufuna kutsindika ndi chakuti vuto limeneli silidali pa mndandanda wa madandaulo anga, ndipo amisiriwo akadangokonza zitatu zimene ndidawaitanira, pulogalamuyo ikadayamba kufika kumapeto usiku uliwonse, n'kundifufutira zonse zotsala mofulumira kwambiri pa waya watsopano uja. Funso lawo limodzi lija ndi limene ndikuliona kuti lidali la mtengo wapatali kuposa ntchito ina yonse imene adagwira.

Adachotsa /MIR n'kuikapo /E, imene imakopera mafoda onse popanda kufufuta kanthu mbali inayo, ndipo adatsegula nkhokwe ya zofufutidwa m'kabokosi kuti fayilo yofufutidwa mwangozi iziyamba yakhala m'menemo. Adandichotsanso maganizo olakwika amene ndidali nawo pa madisiki awiri aja. Ine ndinkati popeza chilichonse chimalembedwa pa madisiki onse awiri, ndiye kuti ndili ndi makope awiri, koma adandiuza kuti dongosolo limeneli, lotchedwa RAID 1, limangoteteza disiki imodzi ikafa. Fayilo ikafufutidwa imachoka pa onse awiri nthawi imodzi, ndipo mphezi, moto kapena wakuba satenga disiki imodzi n'kusiya inayo. Malangizo amene akatswiri amatsatira ndi oti pakhale makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo limodzi likhale kutali ndi nyumba. Kutumiza mavidiyo anga pa intaneti sikungatheke ndi mitengo ya mabandulo, choncho tidagwirizana zoti ndigule disiki yolumikiza ndi USB, kabokosi kazikoperamo kamodzi pa sabata, ndipo disikiyo izikhala kwa mlongo wanga ku Mtunthama.

Tsopano ndinene zimene sizidandisangalatse, chifukwa zilipo ndipo si zazing'ono. Choyamba ndi chakuti pa ulendo woyambawo sadatchule ngakhale pang'ono za UPS, kachipangizo ka batire kamene kamapitiriza kupereka magetsi kwa kanthawi akazima, chikhalirecho adadziwa kale kuti magetsi amazimazima kwathu kuno, popeza vuto la adiresi lija lidachokera pomwepo. Patatha sabata ziwiri magetsi adazima kabokosi kali m'kati molemba, ndipo atabwera kadayamba kufananitsa madisiki ake awiri, ntchito imene idatenga pafupifupi tsiku lonse, liwiro litatsika kwambiri. Ndidawaimbira ndili ndi mantha kuti zonse zabwerera pakale, ndipo adabweranso, n'kufotokoza chimene chikuchitika, n'kundiuza kuti ndigule UPS yokhala ndi bowo la USB, kuti magetsi akazima iziuza kabokosi kuti kamalize kulemba n'kudzizimitsa bwinobwino batire isadathe. Malangizowo adali abwino, ndipo adakumbukiranso kuika switch ndi rauta pa UPS yomweyo, koma adandilipiritsa ulendo wachiwiriwo ngati ntchito yatsopano, pamene kwa ine kudali kumaliza ntchito imene idasiyidwa yosatha. Ndidawauza zimenezi, ndipo adangochotsako mtengo wa mafuta a njinga.

Chachiwiri chidandivutitsa maganizo kwambiri. Pokonza kabokosiko adasintha pasiwedi ya woyang'anira n'kuika yawo, adatsegulanso njira yoti azitha kulowamo ali kushopu kudzera pa intaneti, ndipo zonsezi sadandiuze. Ndidazitulukira pamene mphwanga adabwera n'kulephera kulowa. Nditawafunsa adayankha kuti amatero kuti azithandiza makasitomala mwamsanga popanda kuwalipiritsa ulendo, ndipo ndikukhulupirira kuti cholinga chawo chidali chomwecho, koma m'kabokosimo muli zithunzi za mabanja a anthu, za akwati akuvala ndi za ana, zimene eni ake adazipereka m'manja mwanga osati mwa munthu wina. Ndidawauza kuti, "Achimwene, ntchito yanu ndaikonda, koma kiyi wa nyumba yanga sangakhale m'thumba mwanu ine osadziwa." Adapepesa, adandipatsa pasiwediyo, ndidaisintha iwo ali pomwepo, ndipo njira yolowera kuchokera kutali tidaitseka. N'zodabwitsa kuti munthu yemwe adakana kutsegula SMB1 pofuna kunditeteza sadaone vuto pa chinthu ichi. Aliyense wopita kushopu imeneyi, kapena ina iliyonse, afunse za pasiwedi mmisiri asadachoke pakhomo.

Zina ndi zocheperapo. Sasunga nthawi, moti tsiku loyamba tidapangana 9 koloko m'mawa koma adafika dzuwa litapendeka, ngakhale adaimba foni kupepesa. Salembanso kalikonse kosiyira kasitomala. Adiresi ya kabokosi, tanthauzo la mawu a m'lamulo lija ndi zoyenera kuchita magetsi akazima, zonsezi ndidachita kuwakhazika pansi kuti andiuze ine ndikulemba m'kope, ndipo ndikudziwa kuti makasitomala ambiri sangaganize zotero.

Pa nkhani yogula zipangizo adandithandiza moona mtima. Disiki imodzi mwa ziwiri zija idayamba kuonetsa zizindikiro za kutopa pa lipoti la SMART, limene disiki iliyonse imasunga lonena za thanzi lake, ndipo ndidafuna kugula iliyonse yotsika mtengo, poti kuchokera pamene kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zoterezi zidakwera kwambiri. Adandifotokozera kusiyana kwa mitundu iwiri ya madisiki, a CMR ndi a SMR, kuti a SMR amalemba mizere yosanjikizana ngati malata a denga, motero akapatsidwa ntchito yolemba kwa maola ambiri mosalekeza, monga pomanganso RAID, amachedwa kwambiri. Adatchulanso nkhani ya mu 2020, pamene zidadziwika kuti madisiki ena a kampani ya Western Digital otchedwa WD Red a pakati pa 2TB ndi 6TB adali a SMR, zimene zidachititsa kampaniyo kupatula a CMR n'kuwatcha WD Red Plus. Disiki yoyenera pa Kasungu padalibe, ndipo adachita kuitanitsa ku Lilongwe. Idatenga sabata zitatu, koma idabwera ndi lisiti la kumene idagulidwa, ndipo phindu limene adaikapo adalinena poyera.

Asadatseke ntchito adachita chinthu chimene sindidaonepo mmisiri wina akuchita. Adandiuza kuti ndisankhe vidiyo iliyonse, ndiitenge kuchokera pa disiki ya USB ija osati m'kabokosi, ndiibwezeretse pa laputopu, ndipo ndiitsegule mpaka kumapeto. Ndidasankha ukwati wa ku Santhe womwe uja. Tidakhala pabalaza tikuonera akwati akulowa m'holo, anthu akuponya ndalama pa perekaniperekani, ndipo adandiuza kuti ndidumphire cha kumapeto kuti tione ngati fayiloyo siidaduke. Zonse zidalipo. Adandilangiza kuti ndizichita zimenezi kamodzi pa mwezi, komanso kuti m'mawa uliwonse ndizitsegula lipoti la Robocopy n'kuyang'ana pamzere wa zokanika ngati pali 0.

Ndalama zonse zimene ndidalipira pa maulendo awiriwo, osawerengera switch, UPS ndi madisiki, zidali pafupifupi zimene ndimalandira ndikajambula chinkhoswe chimodzi chaching'ono. Ndikuona kuti mtengowo ndi woyenera, ngakhale ndikadali ndi dandaulo pa ulendo wachiwiri uja. Kwa ojambula anzanga, a masukulu aang'ono, a makalabu a alimi amene amasunga mabuku a mamembala pa kompyuta, ndi aliyense amene ali ndi kabokosi kotere pakhomo, shopuyi ndingaivomereze pa luso lofufuza gwero la vuto, koma pitani ndi kope lolembamo, gwirizanani mtengo wa ntchito yonse pachiyambi kuphatikizapo ulendo wobwereza, ndipo pasiwedi ikhale yanu.

Mvula yoyamba ya mu Disembala idabwera ndi mabingu, magetsi n'kuzima cha m'ma 2 koloko usiku ndikusamutsa ukwati wa ku Chulu. UPS idalira, ndidamva fani ya kabokosi ikusiya kuzungulira patatha mphindi zisanu monga tidaikonzera, ndipo magetsi atabwera m'mawa kadadzuka pa adiresi yake yomweyo popanda kufananitsanso madisiki. Lipoti lidaonetsa mafayilo 14 okanika, ndidadinanso lamulo lija, ndipo adalowa onse m'mphindi zinayi. Chimene chatsala ndi fumbi la m'chilimwe limene ladzaza kumbuyo kwa fani, ndipo amisiriwo adati adzabwera ndi chopopera mphepo kudzalichotsa, koma pamene ndikulemba pano papita sabata zitatu ndikuwadikira.